Kapeti ya a Bahram

A Overton Gwaza ananyamuka kwawo ku Woolwich atakonzeratu yankho, ndipo yankholo linali lakuti, “Tidikire kaye.” Analiyeserera sabata yonse, pometa ndevu, potsuka makapu, ngakhale m’tchalitchi m’mawa wa Lamulungu limenelo anzawo ali pakati poimba. Sikunali kukana ayi. Munthu wamkulu sakana poyera. Amangoti tidikire kaye, chaka n’kutha, china n’kuyamba.

Nkhani yake inali ya Alinane, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino pachipatala china ku Romford. Mtsikanayu anapeza mwamuna dzina lake Arash, wa makolo a ku Iran koma wobadwira mu London momwemo. Tsiku limenelo bambo a mnyamatayo, a Bahram, anali atawaitanira chakudya kumalo awo odyera kufupi ndi Wembley kuti akuluakulu aonane maso. Kwathu nkhani za ukwati n’za amalume, bambo amangomva zimene zapanganidwa. Koma amalume ake a Alinane anagona kalekale ku Ntcheu, ndipo a Gwaza, chithawireni ku Malawi ali mphunzitsi wachinyamata m’zaka zija anthu ankangosowa, anazolowera kukhala bambo, malume ndi nkhoswe m’thupi limodzi. Alinane anali atanena mosabisa kuti sakwatiwa popanda mawu a bambo ake. Mawu amenewo ndi amene a Gwaza ankaumira nawo.

Akanafunsidwa chifukwa, akanatchula chipembedzo, mwina chikhalidwe. Zoona zake n’zakuti ankaopa. Chimwalirireni akazi awo, mayi Rose, m’nyumba yawo yam’mwamba munatsala anthu awiri, ndipo kiyi wa Alinane akalira pachitseko madzulo, a Gwaza ankadziwa kuti tsiku latha bwino. Akachoka ameneyo adzamva kiyi wa ndani? Nkhalamba zili choncho, zimatchula mwambo pamene chikuwawa ndi kusungulumwa.

“Adadi, mukakhale nice, please,” anatero Alinane atalowa sitima ya Jubilee. Chichewa chake chinali cha zigambazigamba, koma ndi bambo ake ankayesetsa.

“Ine ndinayamba ndakhalapo wosakhala nice?”

“Ndiyankhe?”

“Usayankhe.”

Malowo anali pakati pa shopu yokonza mafoni ndi ina yometa tsitsi, chitseko chake chaching’ono, chosapatsa chidwi. Kunja kunali kamvula kowaza kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendayenda. Koma atangolowa, London yense anatsalira kunja pamodzi ndi mabasi ake. M’katimo munali mofunda, mukununkhira mkate wotentha ndi maluwa. Nyale zagalasi zofiira ndi zobiriwira zinkalendewera m’mwamba, ndipo pakati pa chipinda panali kachitsime kamiyala yabuluu, madzi akutumphuka pang’onopang’ono. Penapake pankamveka kanyimbo ka zingwe kosathamanga, kongolira mokhala ngati munthu akudzilankhulira yekha. Matebulo analipo, koma cham’mbali munali timasanja tamatabwa tokhala ngati mabedi akuluakulu, toyalidwa makapeti ndi mapilo, ndipo anthu anakhala pamenepo atavula nsapato, ena atatsamira ngati ali kwawo.

A Bahram anawachingamira atagwira pachifuwa. Anali bambo wamfupi, wa tsitsi loyera ndi nsidze zakuda bii, wamsinkhu wawo womwewo. Analankhulana m’Chingerezi, aliyense cha kwawo, chimodzi chonunkhira Ntcheu, china chonunkhira Shiraz, koma anamvana. Arash anagwada kuti awathandize kumasula zingwe za nsapato. A Gwaza anamuyang’ana pamutu mnyamatayo n’kufunafuna cholakwa, koma sanachipeze, ndipo zimenezo zinawanyansa.

Chakudya chinabwera ngati chikuchokera pa ukwati. Unayamba mkate wopyapyala, wotuluka kumene mu uvuni wadothi, ndi masamba aawisi onunkhira amene eni ake ankangowatafuna ngati mbuzi. Kenaka nyama ya nkhosa yootcha pazitsulo zazitali, mpunga woyera wothira wina wachikasu pamwamba, ndi nkhuku yophikira makangaza ndi mtedza, msuzi wake wakuda, wowawasa ndi wotsekemera nthawi imodzi. Mayi ake a Arash anatuluka kukhitchini kudzapereka moni, anamupsompsona Alinane masaya onse, n’kubwereranso ku miphika yawo. A Bahram sankadya, ankangoonjezera m’mbale ya mlendo. A Gwaza akamaliza, iwo n’kuikamo zina. A Gwaza nawo, poti chakudya cha eni sachikana, ankangolandira ndi kudya, mpaka anamasula lamba mobisa pansi pa jekete. Alinane anawayang’anitsitsa kangapo, koma iwo ankaganiza kuti akuwakumbutsa za shuga.

Atatha kudya anasamukira kuseri, pakhonde lofolera bwino koma lotseguka m’mbali, pamene panali zotenthetsera zofiira ngati makala. Kumeneko n’kumene anthu ankasuta shisha. A Gwaza ankangomva dzina lake, koma tsopano anamuona ndi maso awo: kaliwo wamtali woima pansi, botolo lagalasi la madzi kumunsi, makala pamwamba, ndi paipi yaitali yofewa yokokera. Munthu akakoka, madzi aja ankachita ngati akubwata, utsi n’kutuluka woyera, wonunkhira maapulo. Unkakwera mwaulesi, n’kuima pansi pa denga ngati sukudziwa kolowera.

A Gwaza anali mkulu wa mpingo ndipo fodya anali asanamulawepo chibadwire. Koma a Bahram atawapatsa paipi ija ndi manja awo, analandira. Anakoka kamodzi, anatsokomola mpaka misozi, onse anaseka, iwonso anaseka. Anakokanso pang’ono kuti asaoneke ogonja. Kenaka anatsamira pilo, mimba ili tii, mutu utapepuka, ndipo mawu a anthu anayamba kumveka ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje.

Ndi pamene anaiona kapeti ija.

Inali pakhoma moyang’anana nawo, yaing’ono, yosaposa thaulo losambira, yakale ndithu, m’mphepete mwake mutayamba kunyenyeka. Pakati pake panalukidwa mtengo, pansi pa mtengowo kangalande ka madzi, m’nthambi muli timbalame. Utsi ukamadutsa, masamba aja ankaoneka ngati akugwedezeka. A Gwaza anayang’ana, n’kuyang’anabe, ndipo pang’onopang’ono sanalinso ku Wembley. Anali kudimba kwa amayi awo, kumunsi kwa phiri, m’mawa dzuwa lisanatenthe. Anamva matope ozizira akulowa pakati pa zala za kumapazi. Nthochi zinali pomwe zinali, nzimbe zikukhulana masamba, mpheta zikukangana mu mpiru. Amayi awo anali atawerama potsirira, akung’ung’udza nyimbo yopanda mawu, osatembenuka. Ndipo m’kanjira ka pakati pa mizere munkabwera Rose, ali mtsikana, atavala diresi lachikasu limene anavala tsiku limene anakumana ku Lusaka, kumene a Gwaza anayamba kuthawira. Rose sanapondepo m’dimba limenelo moyo wake wonse, koma apa ankayendamo ngati mwini, akukankha masamba a nzimbe ndi dzanja. A Gwaza sanadabwe. Anangomva mtima ukusungunuka ndi chimwemwe chimene anali atachiiwala kukoma kwake, ndipo analakalaka kuti pasapezeke wowalankhulitsa.

“Bambo Gwaza, mwapita kutali,” anatero a Bahram chapansipansi.

“Ndinali kwathu,” anayankha a Gwaza, maso akadali pakhoma. “Kapeti imeneyi, bambo. Ndakhala m’dziko lino zaka zambirimbiri, ndaona nyumba za mafumu ndi zithunzi zotchuka, koma chinthu chokongola chonchi sindinachionepo.”

A Bahram anagwira pachifuwa n’kuweramitsa mutu. “N’kanthu kachabechabe, sikoyenera munthu ngati inu. Ndi yanu. Tengani.”

Tsono kwathu mphatso siikanidwa. Ukakana, ndiye kuti wamunyoza woperekayo, kapena ukumuganizira kuti waikamo mankhwala. A Gwaza analeredwa bwino. Anadzuka pa pilo, anakhala tsonga, anaomba m’manja mwaulemu, manja atawapinda kuti alire mokhuthala, kenaka anatambasula manja onse awiri.

“Zikomo kwambiri,” anatero. “Mwandilemekeza koposa. Ndalandira.”

Pakhonde panagwa bata. Arash anayang’ana bambo ake. Alinane anatseka maso. Madzi a mu shisha wa anthu a pambali okha ndi amene ankamveka. A Bahram anakhala kanthawi akumwetulira kumwetulira kouma, kenaka anaimirira, anakwera pa pilo ndi masokosi, n’kuyamba kumasula kapeti ija pa misomali yake. Arash atafuna kuthandiza anamukaniza. Anaipinda bwinobwino, anaisisita kamodzi, n’kuiika m’manja mwa a Gwaza. Pakhoma panatsala malo oyera a makona anayi pamene utsi sunafikepo.

“Adadi, tiyeni mukasambe m’manja,” anatero Alinane.

“Ndasamba kale.”

“Mukasambenso.”

Anawakokera m’kati, pafupi ndi kachitsime kaja, pamene phokoso la madzi likanabisa mawu awo.

“Adadi, mwapanga chani? Simumayenera kulandira!”

“Wandipatsa yekha. Iwe sunamve?”

“Kwa iwowa zimakhala choncho. Munthu akayamikira chinthu, mwini wake amati tenga. It’s just manners, adadi, amati taarof. Winayo amakana. Akamukakamiza, amakananso, mpaka onse atatopa, chinthu n’kukhala pomwe chinali. Ngakhale chakudya chija, mumayenera kukanako. Mwadya za anthu four.”

“Nanga amaneneranji zimene sakutanthauza?”

“Inu kumudzi simumati ‘bwerani tidye’ kwa munthu wongodutsa?”

“Akabwera amadya!”

Alinane anafuna kuseka koma maso ake anali atadzaza misozi. Anawafotokozera kuti kapetiyo analuka ndi amayi awo a Bahram, ndi manja awo. Pamene a Bahram ankathawa kwawo ali mnyamata, anaikulunga m’mimba pansi pa chijasi n’kuwoloka nayo mapiri wapansi. Amayi awowo sanawaonenso. Pa zonse za kwawo, chimene anatsala nacho chinali chimenecho.

A Gwaza anachita manyazi oti nthaka ing’ambike alowemo. Iwo ankadziwa bwino kuthawa kuti n’chiyani. Anachoka ku Ntcheu ndi malaya a pathupi okha, ndipo akanakhala ndi kansalu kokha ka amayi awo, wofuna kuwalanda akanayamba wawapha. Lero ndi iwo amene alanda mnzawo, ndi manja awiri, ataomba ndi m’manja momwe.

Anabwerera pakhonde kapeti ili kukhwapa ngati mwana wobedwa. Kubweza mphatso kwathu n’kutukwana, koma anaona kuti bola kutukwana kusiyana ndi kuba. Anayamba kufotokoza kuti maso a nkhalamba amasirira zilizonse, kuti kunyumba kwawo kulibe khoma loyenera. A Bahram anakweza dzanja.

“Yatuluka pakamwa panga, yalowa m’manja mwanu,” anatero. “Khalani pansi, tiyi akuzizira.”

Tiyi anabwera m’timatambula tating’ono topyapyala m’chiuno, wofiira, wopanda mkaka. A Bahram anawaonetsa kamwedwe kake: kuluma kachibulumwa ka shuga ndi mano akutsogolo, tiyi n’kumadutsa pamenepo. Kunja kamvula kanali katakula, kakuimba padenga, ndipo kuwala kwa madzulo kunkalowa m’mbali mwa khonde kotuwa ngati phulusa. Utsi unkayendabe pakati pawo. Palibe amene ankayang’ana khoma lija, ndipo chifukwa cha chimenecho aliyense ankaliona.

A Bahram ndi amene anathetsa bata. Anayang’ana Alinane, amene anakhala pambali pa Arash atapinda miyendo, akuthira tiyi ngati anabadwira pomwepo.

“Bambo Gwaza, mwalera mwana,” anatero. “Akabwera kuno amapita kukhitchini kukasankha masamba ndi mkazi wanga, ndipo ndimamva akuseka awiriwo mpaka kuno. Mkazi wanga anasiya kalekale kuseka choncho. Ine ndaona atsikana ambiri akulowa ndi kutuluka pakhomo pano, koma wonga uyu sindinamuonepo.”

Apa m’mutu mwa a Gwaza munabwera nzeru, ya mtundu uja umabwerera munthu amene wakhuta kwambiri. Yankho lawo la tidikire kaye linali litafa kale, pakuti munthu sungalande mnzako chuma cha amayi ake kenaka n’kumuuza kuti adikire. Koma taonani mwayi! Bamboyu wayamikira. Mwa mwambo wawo, woyamikiridwa amati tenga, woyamikira n’kukana. Ndiye iwo angonena kuti mtengeni, a Bahram akana monga mwa chizolowezi, iwo akakamiza pang’ono, a Bahram akananso, onse atopa, ndipo chinthu chikhala pomwe chinali. Abwerera ku Woolwich ndi mwana wawo, ulemu wawo uli wonse, nkhani itakankhidwira chaka chamawa. Anadziona ochenjera kwambiri, nkhalamba yophunzira mwambo wa eni m’kanthawi kochepa n’kuwakola nawo eni akewo.

Anaika tambula pansi, anagwira pachifuwa monga anaonera, n’kuweramitsa mutu.

“Ndi mwana chabe, sayenera nyumba ngati yanu,” anatero. “Ndi wanu. Mtengeni.”

Dzanja la a Bahram linapita lokha pachifuwa. Milomo yawo inayamba kale kuumba mawu okana, aja anawanena moyo wawo wonse osaganizira. A Gwaza anadikira, mtima uli m’malo. Koma mawuwo sanatuluke. A Bahram anawayang’ana nthawi yaitali, m’maso mwenimweni, nsidze zakuda zija zitakwera pang’ono. Kenaka anachotsa dzanja pachifuwa, anakhala tsonga, anapinda manja awo mosazolowera, n’kuomba. Kuomba kwake kunali kolakwika, kopyapyala ngati kwa mwana, koma kunali kuomba. Atatero anatambasula manja onse awiri.

“Zikomo,” anatero m’Chichewa, liwu lokhalo limene Alinane anawaphunzitsa. Ena anamalizira m’Chingerezi. “Mwandilemekeza koposa. Ndalandira.”

Alinane anagwira pakamwa. Kenaka mwana uja wobadwira ku London, amene amayi ake analephera kumugwaditsa chikhalire, anatsika pa mapilo n’kugwada pamaso pa bambo ake, nkhope yonse ili misozi.

“Zikomo, adadi. Ndimadziwa kuti zikukuvutani. Zikomo.”

Arash anali atathamangira kale kukhitchini. Posakhalitsa kumeneko kunamveka mawu amene a Gwaza sanayembekeze kuwamva kwa anthu a ku Iran: nthungululu, yakuthwa, yaitali, yeniyeni ngati ya amayi a kwathu. Anthu a pa masanja ena anatembenuka, ena anayamba kuomba m’manja osadziwa n’komwe chimene chachitika. Mayi ake a Arash anatulukira akupukuta manja pa epuloni, anamudzutsa Alinane n’kumukumbatira, ndipo achinyamata ndi mayiyo anakokana kupita m’kati, onse akulankhula nthawi imodzi.

A Gwaza akanatha kuitana mwana wawo n’kunena kuti zinali za mwambo chabe, kuti sanatanthauze. Mpata unalipo. Koma anali ataona nkhope ya Alinane pogwada paja, ndipo nkhope imeneyo anali asanaione chimwalirireni amayi ake. Sanamuitane. Chisoni chinawagwira, chenicheni, chosabisika, poganiza za masitepe a ku Woolwich ndi chitseko chimene azidzatsegula okha. Koma pansi pa chisonicho panali kupepukidwa, ngati munthu amene watula mtolo umene ankaumirira kuti si wolemera.

Pakhonde panatsala nkhalamba ziwiri, wina kapeti ili pamiyendo, wina khoma lopanda kanthu kumsana kwake. A Bahram anakonza makala ndi kachitsulo, anakoka utsi pang’ono, n’kuutulutsa mosafulumira. Kenaka anasendera pafupi n’kulankhula motsitsa mawu kuti ana asamve.

“Mumayembekeza kuti ndikana.”

A Gwaza anafuna kutsutsa, koma anali atatopa nako kuchenjera.

“Eya,” anavomera. “Ndimayembekeza kuti mukana.”

A Bahram anagwedeza mutu pang’onopang’ono.

“Inenso,” anatero, maso ali pa kapeti ija pamiyendo pa a Gwaza.

Anayang’anana. Woyamba kuseka sakudziwika, koma anaseka onse awiri, kuseka kwa pansipansi kogwedeza mapewa, mpaka misozi inatsika m’masaya, ndipo panalibe amene anaipukuta kapena kunamizira utsi.